Makina Alembedwa, Adzukulu a Machona Akudikirabe

Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazimirira kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Makompyuta a kampaniyo sanapse ayi, ndipo zithunzi za maukwati athu sizinafufutike. Chimene chinaduka ndi njira yopita ku kaundula wa mayina. Foni ikafunsa kuti, "Kodi facebook.com ali kuti?" panalibe woyankha. Nyumba inalipo, katundu ali momwemo, koma dzina silinkaloza khomo lililonse. Dziko lonse linabuula, akatswiri anathamanga liwiro la mtondo wadooka, ndipo tsiku lisanathe kwawoko zinthu zinali zitabwerera m'chimake.

Azakhali anga a ku Bindura, m'dziko la Zimbabwe, akhala mumdima wa mtundu umenewu kwa zaka zoposa makumi asanu, ndipo palibe amene wawathamangira. Anabadwira m'komboni ya pamgodi, anakulira momwemo, anakwatiwa momwemo. Koma chikalata cha kubadwa alibe, chitupa alibe. Nambala ya foni imene amagwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la mayi wina woyandikana nawo nyumba, moti ndalama imene ndimawatumizira imafikira m'dzina la mayiyo. Makina akafunsidwa za azakhali anga amayankha monga anayankhira za Facebook tsiku lija: dzina limeneli kulibe.

Ndikulemba kuti nditsutse mawu amene ndawamva mobwerezabwereza kwa anzanga opanga mapulogalamu a pakompyuta, a ku Harare ndi a ku Lilongwe omwe, akuti kaundula wa mayina ndi nkhani ya luso basi, ndale mulibemo. Ndikuti limenelo ndi bodza, ndipo umboni ndiutenga m'mabuku awo omwe.

Ntchito yanga ndi yomasulira. Chaka china ndinapatsidwa timabuku tophunzitsira achinyamata kulumikiza makompyuta kuti nditiike m'Chichewa, ndipo ndinakakamira masiku angapo pa mawu akuti name service. Tanthauzo lake silovuta. Mapulogalamu akuluakulu a masiku ano sakhala pa kompyuta imodzi. Amagawidwa m'zigawo, chilichonse pa makina akeake, nthawi zina m'mayiko osiyana. Mukamatumiza ndalama pafoni, chigawo china chimaona ngati ndalamazo muli nazodi, china chimatsimikiza kuti wolandirayo ndi ndani, china chimatumiza uthenga woti zatheka. Zigawozi zimafunika kupezana. Adiresi ya makina ndi manambala, ndipo manambalawo sakhazikika: seva ikawonongeka, ntchito imasamukira pa ina. Choncho chigawo chilichonse chikangodzuka chimakalembetsa pamalo amodzi kuti dzina langa ndi ili, ndikupezeka apa. Chinzake chikachifuna sichizungulira netiweki yonse, chimangofunsa pamalo paja. Ntchito zake n'ziwiri zokha, kulembetsa ndi kufunsa. Ndinamasulira kuti kaundula wa mayina, ndipo nditangolemba liwu lakuti kaundula ndinamva fungo la ofesi ya boma.

M'zaka za m'ma 1970, intaneti idakali khanda lotchedwa ARPANET, mayina onse a makompyuta ankasungidwa m'fayilo imodzi, HOSTS.TXT, ku Stanford Research Institute ku California. Gulu lotsogozedwa ndi Elizabeth Feinler ndilo linkalemba, ena onse n'kumakopera. Makina atachuluka buku limodzi linalemedwa, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza dongosolo la DNS limene tikugwiritsa ntchito mpaka lero. Nzeru yake inali yogawa udindo monga zikhalira kumudzi. Mfumu yaikulu sidziwa mwana aliyense, imadziwa magulupu. Gulupu amadziwa nyakwawa, ndipo nyakwawa ndiyo imadziwa khomo la Nabanda. Tsinde la DNS nalonso silidziwa adiresi ya sukulu ya ku Bindura. Limangodziwa kuti mayina othera ndi .zw ukafunse uje, othera ndi .mw ukafunse uje.

Koma pali funso limene wophunzira wochenjera amafunsa msanga. Ngati chilichonse chimapezeka pofunsa kaundula, nanga kaundulayo amapezeka bwanji? Sungamufunse kumene akukhala usanamupeze. Akatswiri sanalizembe funsoli, analiyankha m'njira zingapo. Seva yofufuza mayina imabwera itanyamula kale kamba wa paulendo: kafayilo kakang'ono kokhala ndi mayina 13 a maseva a patsinde, kuyambira A mpaka M, pamodzi ndi manambala ake. Anagwirizananso za makomo odziwika kwa onse, kuti wofuna DNS agogode pa khomo nambala 53, wofuna kaundula wa Java RMI agogode pa 1099. M'dongosolo la CORBA, pulogalamu imauzidwiratu poyambira kumene NameService ali, isanafunse china chilichonse. Njira imene imandikhudza mtima kwambiri ndi ya DHCP. Kompyuta yachilendo, yopanda adiresi ngakhale imodzi, imangofuula kwa onse a pa netiwekiyo ngati mlendo wonena "Odi!" pabwalo. Seva imene yamva imaipatsa adiresi, n'kuilozeranso kumene kaundula ali. Ndipo pamene palibe seva n'komwe, makina osindikizira amadzilengeza okha kwa oyandikana nawo. Njira imeneyi Apple inaifalitsa mu 2002, ndipo lero imatchedwa Bonjour.

Mfundo yake ndi iyi: palibe katswiri wa mutu wake amene angamange netiweki yofuna kuti makina atsopano aonetse adiresi asanapatsidwe adiresi. Wotero angamuchotse ntchito tsiku lomwelo.

Tsopano tiyeni ku Bindura. Azakhali atapita ku ofesi ina kukapempha chitupa, anauzidwa kuti abwere ndi chikalata cha kubadwa. Pofuna chikalata cha kubadwa, anauzidwa kuti abwere ndi zitupa za makolo awo, kapena zikalata za imfa yawo. Agogo anamwalira kalekale, ndipo zikalata za imfa palibe anatenga. Ndiye bwerani ndi wachibale wa dzina lofanana ndi lanu amene ali ndi chitupa. Wachibale alipo, bambo anga, mlongo wawo wa bere limodzi. Koma bambo analembedwa ndi dzina limene agogo ankadziwika nalo pamgodi, pamene azakhali amadziwika ndi chiwongo chathu. Pa pepala, awiriwa sadziwana. Atabwerako ulendo wachitatu anandiimbira pafoni ya eni ake ija nati, "Mwana wa achimwene, zisiye basi. Ndalama ya basi yandithera. Mulungu ndiye akundidziwa."

Ameneyu ndi kaundula wofuna kuti ukhale utalembedwa kale kuti akulembe. Vuto lomwe lija akatswiri analithetsa kalekale pofuna kuthandiza makina osindikizira.

Msamphawu sunadzitchere wokha. Anthu athu anafika m'chigwa cha Mazowe chifukwa cha msonkho wa nyumba kwawo ku Nyasaland ndi njala ya antchito m'migodi ya Southern Rhodesia. Mu 1903 kunakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe limene antchito analipatsa dzina loti chibalo. Ena ankayenda wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kutsikira ku Mount Darwin, Shamva ndi Bindura. A m'mbuyo mwawo anakwera magalimoto a ulere ndi a Mthandizi. Sanali anthu ogona. Mu Sepitembala 1927 antchito pafupifupi 3,500 ananyanyala ntchito pa mgodi wa golide wa Shamva, ndipo otsogolera anali a ku Nyasaland. M'zaka za m'ma 1960 mgodi wa Trojan unayamba kukumba nickel, makomboni anadzaza, gule wamkulu anavinidwa pansi pa mapiri a eni. Alick Macheso, amene nyimbo zake zavinidwa m'Zimbabwe monse, anabadwira ku Shamva mu 1968 ndipo ndi magazi a ku Malawi.

Pamgodi kaundula analipo, koma anali wa bwana. Ntchito yake inali kudziwa amene wagwira tikiti zingati ndi amene wathawa. Kalaliki ankalemba chimene khutu lake lamva, kapena chimene chamukomera: dzina la ndalama, la chiwiya cha kukhitchini, la tauni imene munthu wachokera. Ena ankasintha dala mayina pothawa mgodi woipa kupita ku wabwinoko. Ana obadwira m'komboni sanali m'nkhawa za bwana. Atsamunda ankakhulupirira kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mamewo sanakamuke. Anabereka ana, anawo n'kuberekanso.

Ufulu utabwera mu 1980, ambiri mwa anthuwa ankavota ngati ena onse. Zinthu zinatembenuka ndale zitatentha. Pa msonkhano wina wachipani ku Bindura komweko, Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi obwera opanda mitupo, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe si ziwongo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzikawo motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ofesi ya Registrar General, pansi pa Tobaiwa Mudede, inaligwiritsa ntchito lamuloli ngakhale pa anthu amene sanapondeko ku Malawi chibadwire. Munthu anauzidwa kuti akane chinthu chimene sanakhalepo nacho. Pa zitupa za ambiri panadindidwa liwu lakuti ALIEN. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'ndime 43, anabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la mu SADC. Komabe mu 2017 zinatengera khoti lalikulu kugamula kuti a zitupa za ALIEN aloledwe kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Ndipo mu 2021 bungwe la Amnesty International, potchula chiwerengero cha UNHCR, linati anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko. M'chiwerengerocho muli adzukulu a machona, mulinso ana a anthu ophedwa pa Gukurahundi.

Anzanga a makompyuta, tsegulani mabuku anu tione zimene munachitira makina.

Munawalola kukhala ndi mayina angapo. Mu DNS muli cholembedwa chotchedwa CNAME, chimene ntchito yake ndi kunena kuti dzina ili ndi lija ndi chinthu chimodzi. Palibe amene amati seva ndi yachinyengo chifukwa imaitanidwa pawiri. Poyamba mayina a pa intaneti ankangololedwa zilembo za Chingerezi, manambala ndi kamzere, koma mu 2003 munapeza njira yoti zilembo za zinenero zina, ngakhale ŵ wa m'dzina la Malaŵi, zithe kulowa. Nanga n'chifukwa chiyani mapulogalamu anu a kubanki ndi a m'maofesi amakana munthu poti pepala lina lati Phiri, lina lati Piri? Bwanji mulibe malo olembapo kuti dzina la pamgodi ndi chiwongo ndi za banja limodzi?

Munaikanso malire a nthawi. Yankho lililonse la DNS limayenda ndi nambala yotchedwa TTL, yonena masekondi amene yankholo lingasungidwe. Nthawiyo ikatha, makina ayenera kulitaya n'kukafunsanso, chifukwa munadziwa kuti yankho lakale ndi loopsa kuposa kusowa yankho. Tsinde la malamulo a Zimbabwe linasintha mu 2013, koma yankho la 2001 likadali m'matumba a anthu ndi m'mitu ya makalaliki. Kakhadi kolembedwa ALIEN kalibe tsiku lothera. Mwini wake ndiye ayenera kufuna ndalama ya basi, kukaima pamzere, kukachonderera kuti boma lifufute cholakwa chake chomwe.

Ndipo koposa zonse, munasiyira mlendo khomo logogodapo.

Ndikudziwa chimene muyankhe, poti ndachimva. Muti makina sanama, anthu amanama. Mukatsegula khomo, aliyense wodumpha malire adzati anabadwira ku Trojan. Yankho limeneli lili ndi mbali yoona, koma mwaiwala mbiri yanu yomwe. Makina amanamizidwa kwambiri. Mu 2008 Dan Kaminsky anaonetsa kuti n'zotheka kuthira bodza m'makaundula a DNS pafupifupi onse, n'kusocheretsa anthu ofuna banki yawo kupita ku khomo la mbava. Kodi munatseka intaneti? Kodi munaleka kulemba mayina atsopano? Ayi, munawonjezera njira zotsimikizira. Mu 2010 tsinde la DNS linayamba kusainidwa ndi makiyi a DNSSEC. Ndipo makiyiwo amakhulupiridwa chifukwa chiyani? Chifukwa kangapo pachaka, ku Culpeper ku Virginia ndi ku El Segundo ku California, anthu odalirika ochokera m'mayiko osiyanasiyana amakumana m'chipinda, n'kuchitira umboni ndi maso awo kuti mwambo wayenda bwino. Pansi penipeni pa intaneti yonse pali mboni. Ngati mboni zikukwanira kuchirikiza malonda a dziko lonse lapansi, zilephera bwanji kuchirikiza mayi mmodzi wa ku Bindura? Mboni zake zilipo. Alipo agogo amene anaona tsiku limene anatuluka m'chikuta. Alipo mabuku a ubatizo m'matchalitchi, a m'mizikiti, a sukulu za pamgodi, a mabungwe a maliro amene anthu athu akhala akusonkhamo mwezi ndi mwezi. Alipo makaundula a migodi yomweyo. Kwa ofesi, mboni ndi munthu wa chitupa ndi dzina lofanana basi, ndiye kuti banja lonse likakhala kunja, lidzakhala kunja mpaka kalekale.

Pali chitsutso china cholemera kuposa ichi, ndipo chimachokera kwa anthu a mbali yanga. Iwo amati: iwe, waiwala kodi kuti chitupa chinali unyolo? Agogo ako ankasintha mayina kuti asapezeke. Lero ukulirira kuti boma litidziwe tonse, ndi zala zathu ndi nkhope zathu zomwe? Chitsutso ichi sindichipeputsa. Kupezeka kuli ndi mtengo wake, ndipo boma lodziwa khomo lako likhoza kubwera usiku. Koma yang'anani mmene azakhali akukhalira. Kusalembedwa sikunawabise kwa wapolisi wa pamsewu, amene amafunsa chitupa chomwecho. Kwangowabisa kwa banki, kwa ofesi ya penshoni, kwa bokosi la mavoti. Adzukulu a anthu onga iwo amavutika kulembetsa mayeso a sukulu. Agogo ankathawa kulembedwa ndi bwana m'dzina limene sanasankhe, pa zolinga za bwanayo. Azakhali akupempha kudzilembetsa okha, m'dzina lawo, kuti chawo chiziwafika. Ngakhale m'mapulogalamu, chigawo ndicho chimalengeza dzina lake. Amene sanalawepo kusowa chitupa asamaphunzitse osowa za ubwino wobisala.

Tsono musandiuzenso kuti mulibemo ndale. Mu Januwale 1998 Jon Postel, amene kwa zaka zambiri ankayang'anira mayina ndi manambala a intaneti, analembera oyendetsa maseva a patsinde kuwapempha kuti azitenga kaundula kwa iye. Asanu ndi atatu anamvera. Boma la America linadzidzimuka n'kumulamula kuti abweze zinthu mmene zinalili, ndipo chaka chomwecho bungwe la ICANN linabadwa. Boma lija linadziwa chimene inu mukukana: wogwira tsinde la mayina ndiye amanena amene alipo ndi amene kulibe.

Ndipo inu tsinde munasankha kale. Tsiku limene munalemba m'pulogalamu yanu kuti bokosi la nambala ya chitupa silingasiyidwe lopanda kanthu, munalumikiza ntchito yanu yonse ku kaundula wa boma, pamodzi ndi mabala ake onse a 1903 ndi a 2001. Kale munthu wopanda chitupa ankatha kukhala ndi moyo m'mphepete: kulandira malipiro m'manja, kugula ndi makobidi, kutuma kalata kudzera kwa wa basi. Lero nambala ya foni imafuna chitupa, ndalama ya pafoni imafuna nambala ya foni, ndipo m'Zimbabwe, mmene ndalama ya m'manja yakhala ikusowa, EcoCash yafika mpaka pa msika wa tomato chiyambireni mu 2011. Chigawo chilichonse chimene mukuwonjezera chikufunsa kaundula yemweyo, n'kulandira yankho lomwelo. Kalaliki wa kale ankatha kumva chisoni n'kupinda lamulo. Pulogalamu yanu chisoni ilibe, ndipo imakana anthu zikwizikwi pa mphindi imodzi osatopa.

A ku Malawi nafenso tisasambe m'manja. Mu 2017 National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yowerengeka, ndipo tinadziguguda pachifuwa. Ntchitoyo inatheka chifukwa wopanda pepala lililonse ankatha kubwera ndi umboni wa mfumu kapena wa anthu omudziwa. Khomo la mlendo tinalitsegula, ndipo dziko silinagwe. Koma azakhali anga mfumu yowadziwa ku Dedza alibe. Mudzi umene agogo anachokera unawaiwala, monga timaiwalira machona onse akaleka kutumiza mabulangete. Makaundula awiri, wa .zw ndi wa .mw, aliyense akuloza mnzake kuti kafunseni uko.

Zimene ndikupempha si zachilendo kwa aliyense wodziwa netiweki. Boma la Zimbabwe livomereze umboni wa anthu a pamalo ndi mabuku a mipingo, sukulu ndi migodi ngati poyambira, ndipo magulu olembetsa anthu akafika m'makomboni asabwere ndi mndandanda womwe uja wa zofunika umene unabweza anthu ku ofesi. Zitupa za ALIEN za anthu amene ndime 43 inawabwezera unzika zisinthidwe ndi boma lenilenilo, mwaulere. Migodi ya ku Bindura ndi Shamva itsegule makaundula ake akale kwa adzukulu a anthu amene anafera m'maenje ake. Ndipo inu olemba mapulogalamu, musanatseke bokosi lija, funsani funso la wophunzira wochenjera uja: nanga amene sanalembedwe alowera pati? Safunsa anadya phula. Ngati yankho palibe, kanenani kwa amene wakulembani ntchito kuti pulogalamuyo sinathe.

Mwezi wathawu mayi woyandikana ndi azakhali uja anawauza kuti akuganiza zosamukira kwa mwana wake ku Chitungwiza. Nambala ndi yake, adzapita nayo. Azakhali anandifunsa kuti ndiye ndalama ya mankhwala ndizidzatumiza m'dzina la yani. Ndinawauza kuti tiona, azakhali. Pamene ndinkayankha choncho ndinali m'nyumba ya mnzanga, ndipo foni yanga, imene inali isanalowemo chiyambire, inali itanena kale odi wake, itapatsidwa adiresi, italozeredwa kaundula, ine ndisanakhale n'komwe pampando.